Galimoto ikamazima panjira: ndi pampu, fyuluta kapena thanki?

Galimoto ikayamba kufooka pamtunda, kapena ikamazima yokha n'kudzaliranso pakapita mphindi zingapo, mawu oyamba amene mumamva m'magalaja ambiri muno mu Chipata ndi akuti, "Abwana, pampu yatha." Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma pampu ndi chiwalo chimodzi chokha pa ulendo umene mafuta amayenda kuchokera m'thanki kukafika mu injini, ndipo ulendowo ungasokonekere pamalo ambiri: pena patsekeka, pena pakudontha, pena pakulowa mpweya kapena madzi. Munthu wogula pampu asanayeze akutchova juga ndi ndalama zake. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti vuto likakhala m'thanki momwemo, pampu yatsopano ija imafa imfa yomweyo imene inafa yakale, ndipo mwini galimoto amabwerera ku shopu ya masipeya ali wokwiya, akuganiza kuti anamugulitsa yabodza.

M'galimoto za petulo zimene zadzaza m'misewu yathu, ma Corolla, Spacio, RunX, Allion, Vitz, Noah ndi zina zochokera ku Japan, pampu yamagetsi imakhala m'kati mwa thanki, yomira m'mafuta. Kunsi kwake kuli kasefa kofewa kogwira zinyalala, ndipo pambali pake pali kachoyandama kamene kamauza geji yakutsogolo kuchuluka kwa mafuta. Mafuta akachoka m'pampu amadutsa mu fyuluta, n'kuyenda m'mapaipi a pansi pa galimoto mpaka ku ma injector, timipopi topopera mafuta mu injini. Pa zakale, monga Corolla ya injini ya 5A, fyuluta ili kunja, pafupi ndi injini, ndipo mafuta otsala amabwerera ku thanki kudzera m'paipi yachiwiri. Pa zatsopanoko, monga za injini ya 1NZ, fyuluta ndi regulator, kachipangizo kosunga presha ya mafuta pa mlingo woyenera, zili m'thanki momwemo limodzi ndi pampu. Palinso njira ina imene ambiri amaiiwala, ya mpweya. Mafuta akamachepa m'thanki, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake, ndipo njira imeneyi ikatsekeka galimoto imazima ngakhale thanki ili yodzaza ndi pampu ili yabwinobwino.

Maso, mphuno ndi makutu

Njira yoyamba yofufuzira vuto ndi yaulere, ndipo ndiyo imene anthu amaidumpha chifukwa imaoneka yachibwana. Imikani galimoto pamalo ouma, pasimenti ngati n'kotheka, muyale katoni pansi pa thanki, n'kuisiya usiku wonse. Dizilo savuta kuona. Amasiya banga lakuda lonyowa, ndipo fumbi limamatirira pomwe akudutsa. Petulo amauma msanga, makamaka m'mwezi wa Okutobala pamene simenti imachita kuotcha mapazi, kotero nthawi zambiri simupeza dontho ayi, mumangomva fungo ndi kuona kamzere pathanki pomwe fumbi lasukika. Younikira ikhale tochi basi. Machesi, kandulo, ndudu ndi mbaula zikhale kutali.

Nthawi imene fungo limabwera imanena zambiri. Likamamveka mukangodzaza thanki, n'kutha mafuta akatsika, bowo lili pamwamba. Mwina paipi yamphira yolumikiza pothirira ndi thanki yang'aluka, kapena mphira wotsekera pomwe pampu imalowera waphwa, kapenanso anaukhazika mokhota tsiku limene munthu anatsegulapo. Likamamveka pokhapokha injini ikamalira, ganizirani mapaipi opita kutsogolo, chifukwa ndi mmene mafuta amayenda mokankhidwa. Likakhala la usana ndi usiku, yang'anani kunsi kwa thanki, m'misoko yake, ndi pansi pa malamba achitsulo amene amaimangirira ku galimoto. Pansi pa malambawo m'pamene matope a dzinja amabisala mpaka chilimwe, dzimbiri n'kumadya chitsulo popanda woliona.

Ndiye pali thanki yosabooka koma yopindikira m'kati, imene kuno ndi yofala kuposa mmene anthu amaganizira. Galimoto zotsika ngati Allion ndi RunX sizinapangidwire misewu ya kumidzi ya ku Chadiza ndi ku Vubwi, kumene mvula imakumba m'mbali n'kusiya msana wa miyala pakati. Onjezani matumba a mtedza kumbuyo m'nyengo yokolola, galimoto n'kukhala pansi, mwala umodzi ungakankhe kunsi kwa thanki osaiboola. Kupindikako kukachitikira pansi penipeni pa pampu, kasefa kaja kamapanikizika, mafuta n'kumalowa pang'onopang'ono. Galimoto yotere imayenda bwino m'tauni, koma imafooka mukaponda kwambiri pa Great East Road. Kukachitikira pafupi ndi kachoyandama, geji imayamba kunama, ndipo mumadabwa galimoto ikuzima singano ili pa kota. Ngati vuto linayamba tsiku limene munamva "gu!" pansi, gwadani muyang'ane thanki musanamvere za pampu.

Chitsekero cha pothirira mafuta chimayankha funso lina msanga. Galimoto ikayenda makilomita angapo n'kufooka mpaka kuzima, tsegulani chitsekerocho mukumvetsera. Kamluzu kakang'ono kotuluka kunja dzuwa likamaswa mtengo si nkhani, petulo amatero akatentha. Koma mukamva mpweya ukukokedwa kulowa m'kati kwa nthawi yaitali, mwinanso thanki n'kulira ngati ikuwongoka, kenako galimoto n'kulira bwinobwino, ndiye kuti popumira patsekeka. Zili ngati kumwa m'botolo lapulasitiki mutatseka pakamwa pake ponse ndi milomo: limafinyika, madzi n'kusiya kubwera. Chochititsa chimakhala fumbi kapena dongo m'kapaipi kopumira, kapaipi kopindika, kapena chitsekero cha galimoto ina chimene munagula choyamba chitatayika.

Kumvetsera pampu nakonso n'kothandiza, koma kumasocheretsa ambiri. Pa galimoto zochuluka, mukatembenuza kiyi osaliza injini, pampu imang'ung'udza masekondi awiri atatu pansi pa mpando wakumbuyo. Ma Toyota ena, makamaka akale, satero. Pampu yawo imayamba pokhapokha injini ikamatembenuzidwa, choncho kusamva kanthu pa kiyi sikutanthauza kuti yafa. Pa za m'zaka za m'ma 1990 pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS pansi pa boneti, ndipo makaniko wodziwa amalumikiza ndi kawaya timabowo take tolembedwa +B ndi FP kuti pampu iyende injini ili chete. Pampu ikamalira mokweza, ngati ikudandaula, nthawi zambiri ikuvutika kukoka: kasefa katsekeka, kapena yatsala pang'ono kutha.

Chomaliza chimene mungachite osalipira ndi kuona mafutawo. Tapaniko pang'ono m'botolo lagalasi loyera, makamaka a pansi pa thanki, muwasiye akhazikike. Lita ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ya dizilo magalamu pafupifupi 830, ya petulo pafupifupi 740, kotero madzi amatsikira pansi n'kupanga mzere wooneka bwino. Timadontho tofiirira ndi dzimbiri, mchenga ndi mchenga basi, ndipo mafuta achifunga osaonekera mbali ina ali ndi madzi osakanikirana nawo. Izi ziyenera kukhala zoyambirira kwa aliyense amene galimoto yake inayamba kumisa atangothira mafuta a m'zigubu, kapena atawoloka mtsinje wodzaza m'dzinja.

Ubwino wa njira zonsezi ndi wakuti zikapeza vuto, zalipezadi. Kufooka kwake n'kwakuti zikapanda kupeza kanthu, sizikutsimikizirani kuti zonse zili bwino. Apa m'pamene galaja imayambira.

Ku galaja

Njira yofala kwambiri ndi yosinthasintha zipangizo. Lero mapulagi, mawa fyuluta, mkuja pampu, mpaka galimoto ichire. Ili ndi malo ake. Ngati makaniko ali ndi relay (kaswichi kamagetsi koyatsa pampu) kapena koilo yabwino ya galimoto yofanana n'kuikapo kwa mphindi zisanu kuti aone, kumeneko ndi kuyeza ndithu, ndipo sikukudyerani ndalama. Zimaipa pamene chipangizo chilichonse choyesera mukugula ndinu. Masipeya amagetsi akatsegulidwa, mashopu ambiri salola kubweza, ndiye mumatsala ndi pampu ziwiri zabwino ndi galimoto yosayenda.

Ena amazula paipi kutsogolo, n'kuiika m'botolo, n'kuliza kuti aone ngati mafuta akubwera. Akabwera amati pampu ili bwino, akapanda kubwera amati yafa. Mbali zonse ziwiri pangakhale bodza. Pampu yotopa imathabe kutulutsa mafuta ambiri paipi ikakhala yotseguka, koma imalephera ikafunika kukankha mwamphamvu. Ndipo pampu yosatulutsa kanthu ingakhale yabwino, yongosowa magetsi chifukwa fyuzi yapsa, relay yafa, waya wa earth wachita dzimbiri, kapena pulagi ya pamwamba pa thanki yasungunuka. Makaniko amene amayamba watenga mita n'kuyeza ngati magetsi akufika okwanira pa pulagi ya pampu injini ikamatembenuzidwa, ameneyo musamutaye. Ntchito yake ndi ya mphindi khumi, ndipo imasiyanitsa vuto la fyuzi ndi vuto la pampu.

Njira imene ine ndimaikhulupirira kuposa zonse pa galimoto za petulo ndi geji ya presha. Imalumikizidwa pa paipi yopita ku ma injector, ndipo imakuuzani manambala m'malo mwa maganizo a munthu. Pa injini ya 1NZ, Toyota imafuna presha ya 304 mpaka 343 kPa, ndiko kuti ma bar atatu ndi pang'ono, ndipo injini ikazimitsidwa presha isatsike kufika pansi pa 147 kPa m'mphindi zisanu. Injini iliyonse ili ndi manambala ake, koma kawerengedwe n'kofanana. Presha ikakhala yotsika kuyambira pachiyambi, ganizirani pampu, magetsi ake kapena regulator. Ikakhala yabwino injini ikamangolira yokha koma n'kugwa mukaponda, mafuta akutsekeka penapake: kasefa, fyuluta, paipi yophwanyidwa ndi mwala, kapena thanki yopindika ija. Ikagwa msangamsanga mukazimitsa, mafuta akubwerera kapena injector ikudontha, ndipo n'chifukwa chake galimoto imavuta kulira ikaima pang'ono. Ikakhala yabwino ponseponse, siyani pampu, vuto lili kwina. Si galaja iliyonse imene ili ndi gejiyi, koma kufunsafunsa mpaka mutapeza imene ili nayo n'kotchipa kuposa pampu imodzi.

Galimoto zozima zikatentha zimafuna kuleza mtima. Pampu yotopa imatha kugwira bwino m'mawa n'kudzafooka masana, makamaka ku chigwa ngati ku Mfuwe kumene kutentha kumafika madigiri 40. Kuiyeza m'mawa ili yozizira sikuonetsa kanthu. Iyenera kuyezedwa pa nthawi imene ikudwala, geji ili yolumikizidwa. Ndipo dziwani kuti crank sensor (sensa yowerenga kuzungulira kwa injini) kapena koilo yotopa imachitanso chimodzimodzi, kuzima ikatentha n'kudzuka ikazizira. Kufooka pamtunda nakonso kungachokere ku fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi, sensa ya mpweya yakuda, kapena ekizozi yotsekeka. Pa injini ya petulo yokana kulira, kupopera pang'ono carb cleaner, mankhwala a m'chitini otsukira kabureta, polowera mpweya kumathandiza kusiyanitsa: ikalira pang'ono n'kuzima, moto ulipo, mafuta ndiwo sakufika. Kuthira petulo weniweni pamenepo ndi dzanja ayi, moto ukabwerera umapsereza nkhope.

Kompyuta yoyezera galimoto ndi yabwino, koma anthu amaipatsa ulemu woposa ntchito yake. Imawerenga zimene masensa aona, siiona m'thanki. Khodi ya P0171 imati injini ikulandira mpweya wambiri poyerekeza ndi mafuta, zimene zingachokere ku pampu yofooka, komanso ku paipi ya mpweya yong'ambika. P0087 imati presha ya mafuta yatsika, osanena chifukwa chake. P0230 imaloza ku magetsi a pampu. Timakina totchipa tina timalephera ngakhale kulankhulana ndi galimoto zakale zopangidwira msika wa ku Japan. Kumene kompyuta imaposa geji wamba ndi pa injini za D-4, monga 1AZ-FSE ya mu Noah ndi Allion zina, zimene zili ndi pampu ziwiri, yamagetsi m'thanki ndi ina ya presha yaikulu pa injini. Pamenepo kulosera n'kodula kwambiri, chifukwa mutha kugula pampu ya pa injini pamene yolakwa ndi ya m'thanki.

Zonse zikaloza kumbuyo, tsegulani thanki muone. Pa galimoto zazing'ono zambiri pali kachitseko pansi pa mpando wakumbuyo, kotero sipafunika kutsitsa thanki. Chotsani waya wa negetivu pa batire, tsukani fumbi la pamwamba musanamasule, n'kutulutsa pampu pamalo opita mphepo. Kasefa kakuuzani mbiri yonse ya galimotoyo. Kakakhala kakuda bii, kamchenga kapena kadzimbiri, dziwani kuti zotsalazo zikadali pansi pa thanki kudikira pampu yatsopano.

Dizilo ali ndi khalidwe lake

Ma Canter, Hiace ndi Hilux ambiri a dizilo amene amanyamula chimanga, soya ndi thonje kuno alibe pampu m'thanki. Pampu ya pa injini ndiyo imayamwa mafuta kuchokera kumbuyo. N'chifukwa chake paipi ikang'aluka pang'ono, simuona dontho, m'malo mwake imalowetsa mpweya. Chizindikiro chake n'chodziwika: m'mawa galimoto ikana kulira mpaka mutapopa kapampu kadzanja ka pamwamba pa fyuluta, kenako tsiku lonse ikuyenda bwino. Njira yabwino yofufuzira ndi kuika kapaipi koonekera m'kati pafupi ndi fyuluta n'kuyang'ana thovu. Ina ndi kuyamwitsa injini kuchokera m'chigubu cha dizilo woyera galimoto ili chiimire, paipi yobwezera nayonso ili m'chigubumo. Ikalira bwino, vuto lili pakati pa fyuluta ndi thanki, ndipo mwapulumuka ku ndalama zambiri zotsegulitsa pampu ya pa injini.

Madzi ndiwo mdani wamkulu. Kunsi kwa fyuluta kuli kachikho kosonkhanitsa madzi, kokhala ndi komasulira, ndipo nyali yake ikayaka kutsogolo si yoinyalanyaza. Madzi akakhalitsa m'thanki ya dizilo mumamera tizilombo topanga utoto wakuda wonanda umene umatseka fyuluta yatsopano m'masabata ochepa. Mukaona kuti mukusintha fyuluta pafupipafupi, fyuluta sizolakwa, thanki ndiyo yofunika kutsuka. Pa za common rail, zimene ma injector onse amalandira dizilo kuchokera m'paipi imodzi, monga Hilux ya D-4D, presha imapitirira ma bar 1,000. Chizolowezi chakale chomasula paipi ya injector injini ikulira chisayesedwe pamenepo, chifukwa mafuta otuluka ndi mphamvu yotere amaboola khungu. Ndipo ngati mwathira petulo m'galimoto ya dizilo molakwitsa, musalize n'komwe, ikokeni akakhuthule.

Thanki ikapezeka kuti ndiyo yavulala

Sopo wa mtanda ndi mankhwala a pamsewu amene madalaivala akale onse amawadziwa. Mukamukanda n'kumumata pa kabowo kakang'ono ka thanki ya petulo, amagwira, chifukwa petulo samusungunula. Madzi ndiwo amamusungunula, choncho chithaphwi choyamba chimamuchotsa. Mwala ukakuboolerani thanki m'mapiri a ku Kacholola, sopo angakufikitseni ku Nyimba, ndipo ntchito yake yathera pomwepo. Za kuyendetsa galimoto kuchokera m'chigubu choikidwa pampando kapena m'buti, paipi itadutsa pawindo, ndikupemphani ndi mtima wonse, musanyamule anthu m'galimoto yotere. Kugwedezeka pang'ono ndi waya mmodzi wothetheka n'zokwanira.

Guluu wolimba wosakaniza mbali ziwiri, monga Pratley, amaposa sopo kutali, koma ali ndi malamulo ake. Thanki ikhuthulidwe mpaka pabowo paume, pakwechedwe ndi sandipepa wa m'manja mpaka chitsulo chiwale, osati ndi grinder yotulutsa moto, kenako pasiyidwe maola okwanira kuti aume musanathire mafuta. Pa kabowo kamodzi ka mwala, pa chitsulo chimene kwina konse n'cholimba, angakhale nthawi yaitali. Pa thanki yodyedwa ndi dzimbiri ndi kutaya nthawi, chifukwa pomwe mwaona bowo limodzi, pambali pake chitsulo chapyapyala kale. Pamsoko ndi pomwe thanki imagwedera sagwira bwino. Pa thanki yapulasitiki samamatira konse, amangosupuka. Gogodani kaye thankiyo kuti mudziwe ngati ndi yachitsulo kapena yapulasitiki musanagule kanthu.

Tsopano za kuwotcherera, zimene ndikufuna tikhalitsepo. Anthu ambiri amaganiza kuti thanki ikakhuthulidwa yatha kuopsa. Zoona zake n'zakuti yopanda mafuta ndiyo yoopsa kuposa yodzaza. Chimene chimaphulika si petulo wamadzi, ndi nthunzi yake ikasakanikirana ndi mpweya, ndipo imayaka ikangokhala pakati pa magawo pafupifupi 1.4 ndi 7.6 pa 100 alionse a mpweya. Kapetulo kochepa kotsalira m'misoko ndi kuseri kwa timakoma ta m'kati mwa thanki n'kokwanira kupanga msakanizo umenewu chitsulo chikangotentha. Kutsukuluza ndi madzi kamodzi sikuchotsa. Kuisiya padzuwa masiku awiri sikutsimikizira. Kupopera utsi wa ekizozi m'kati, monga ena amachitira, n'kodalira mwayi. Amene amavulala kawirikawiri si mwini galimoto ayi, ndi mnyamata wowotcherera amene waweramira thankiyo, ndi anzake oimirira pafupi. Ndipo ngakhale ntchito itayenda bwino, moto umapsereza utoto woteteza wa m'kati, dzimbiri n'kuyambira pomwepo.

Ine ndikuona kuti pa Corolla, Vitz kapena Spacio, zimene mathanki ake amapezeka kwa ogulitsa masipeya a galimoto zophwasula, kuwotcherera thanki ya petulo kulibe phindu loyenera moyo wa munthu. Pa thanki yaikulu ya dizilo ya thiraki, imene ina ndi yodula komanso yosowa, kuwotcherera kungaganiziridwe, koma thanki itsitsidwe m'galimoto, itsegulidwe paliponse, itsukidwe ndi madzi otentha ndi sopo kangapo, ndipo agwire ntchitoyo akhale munthu amene mathanki ndiyo ntchito yake, osati wowotcherera mageti amene wangovomera chifukwa cha ndalama. Dizilo sayaka msanga ngati petulo, koma m'thanki yotenthedwa ndi moto wowotcherera naye amaphulika. Thanki yapulasitiki amaisungunulira ndi pulasitiki ya mtundu womwewo, ndipo zimatheka pa ming'alu yaing'ono, koma msoko wotere ine sindingaudalire pa ulendo wa makilomita oposa 550 wopita ku Lusaka.

Thanki yogwirapo kale ntchito ndiyo njira imene imayenera anthu ambiri, bola musagule mwachimbulimbuli. Unikani m'kati ndi tochi, muone dzimbiri ndi matope. Thanki imene yakhala panja yotsegula m'dzinja lonse ingaoneke bwino kunja koma m'kati itatha. Fananitsani ndi yakale yanu pomangirira, pothirira ndi polowera pampu, chifukwa galimoto za dzina limodzi zimasiyana malinga ndi chaka, ndipo ya 4WD nthawi zambiri imakhala ndi thanki yosiyana ndi ya 2WD. Ngati mukuitanitsa kuchokera ku Lusaka pa basi, tumizani nambala ya chassis ndi zithunzi za yakale, ndipo mugwirizane za kubweza musanatumize ndalama. Yatsopano ya m'katoni ndi yabwino kuposa zonse, koma pa galimoto ya zaka makumi awiri mtengo wake ndi nthawi yodikira sizigwirizana ndi mtengo wa galimotoyo, pokhapokha ikhale galimoto ya ntchito imene mudzakhala nayo zaka zambiri.

Thanki yakuda koma yosabooka imangofuna kutsuka. Itsitsidwe, ikhuthulidwe, itsukidwe, ndipo iume kwathunthu isanabwezeredwe, apo ayi mwachotsa matope n'kusiya madzi. Timabotolo ta mankhwala othira m'thanki tingathandize pa ma injector akuda pang'ono, koma sitisungunula mchenga kapena dzimbiri. Yopindika pang'ono kutali ndi pampu mutha kuisiya. Yopindika pansi pa pampu, kapena imene yakwinyika mpaka chitsulo kuthyoka mzere, isinthidwe. Kuipopera mpweya wa kompresa kuti iwongoke kumang'amba misoko.

Ikapezekadi kuti pampu yatha, pali kusankhanso. Kamota kokha n'kotchipa, ndipo n'kokwanira ngati nyumba yake, fyuluta ndi pulagi zili bwino, koma timamota ta m'mashopu timasiyana kwambiri kulimba kwake, ndipo kayenera kukhala ka presha yoyenera injini yanu. Pampu yathunthu yochotsedwa m'galimoto ina imabwera ndi fyuluta ndi regulator yake, ndipo kawirikawiri imakhala yoyambirira ya ku fakitale, koma zaka zake simuzidziwa. Chilichonse chimene mwasankha, kasefa ndi mphira wotsekera zikhale zatsopano.

Madalaivala a taxi amene amayenda ndi malita awiri atatu tsiku lonse amamva kawirikawiri kuti mafuta akachepa pampu imayamwa zinyalala. Pampu imayamwa pansi nthawi zonse, thanki ikhale yodzaza kapena ayi. Chimene chimaipha ndi kutentha, chifukwa mafuta ndiwo amaiziziritsa, komanso kumeza mpweya pamene mafuta ochepawo athawira mbali imodzi pamtunda kapena pokhota. Ndikudziwa kuti ndalama yodzazira thanki siipezeka tsiku lililonse, koma kusunga singano pamwamba pa kota kumatalikitsa moyo wa pampu. Mukakakamizika kugula a m'chigubu kumudzi, sefani ndi nsalu yoyera ndipo musathire a pansi penipeni. Ngati mafuta oipa mwawathira pa malo ovomerezeka, sungani lisiti ndi botolo la mafutawo, chifukwa bungwe la Energy Regulation Board ndilo limapereka malaisensi ndi kulandira madandaulo otere.

Ntchito ikatha, musachoke pa galaja musanaone zinthu zakale zimene zachotsedwa, makamaka kasefa. Pemphani kuti presha iyezedwenso, muone ngati yafika pa manambala ake. Kenako dzazani thanki mpaka pakamwa tsiku lomwelo, muyende pang'ono pa msewu wa mabampu, n'kutukula mpando wakumbuyo kuti mununkhize ndi kuunika pomwe anatsegula. Mphira wokhazikidwa mokhota sudontha thanki ili pakati, umadzaonekera tsiku limene mwadzaza kukonzekera ulendo wa ku Lundazi.